Geni yodzutsa njinga zakufa: phindu lili pati, nanga musunge zingati?

Kuno ku Mchinji pafupifupi khomo lililonse lili ndi njinga yakufa, ina anaipachika kudenga la khitchini mpaka inada bii ndi utsi, ina yatsamira nkhokwe nkhuku zikugonapo, mwiniwake amangoti ndidzakonza ndikagulitsa soya, soya uja akagulitsa ndalama imalowera kwina. Njinga zimenezo ndi geni. Mumaigula motchipa, kuiphwasula yonse, kusintha zakutha, kupenta, nkuigulitsa ikuwala. Koma ambiri oyamba geniyi pakatha chaka amapezeka ali ndi mulu wa mafelemu kuseri kwa nyumba m'thumba muli mbee, osati poti sipanala saidziwa ayi, vuto ndi masamu, anagula modula, anagula zambiri, ndipo ndalama ya sipeya inathera pa zitsulo.

Izi sizili ngati zija za pansi pa mtengo zomata chubu. Kumeneko njinga ndi ya kasitomala, sipeya amagula yekha, inu mumangolandira ya ntchito. Kuno njinga ndi yanu kuyambira tsiku loigula mpaka tsiku loigulitsa, ikapezeka kuti felemu ndi yothyoka palibe womudandaulira. Ndipo si geni ya amphawi okha, Caterpillar kampani ya ku America yopanga magiledala ija inayamba mu 1973 kulandira mainjini akutha nkumawapanganso, mpaka lero ukagula chitsulo chokonzedwanso kwa iwo umalipira kandalama kapamwamba kamene amakubwezera ukabweretsa chakuthacho, ngati dipoziti ya botolo la Fanta pa golosale. Amatero chifukwa chovuta kwenikweni mu geni yotere ndi kupeza zakutha zabwino pa nthawi yake. Wogulitsa zatsopano amangooda kuti ndikufuna 20 ndipo zimabwera 20 zofanana. Inu simudziwa kuti zibwera zingati, zibwera liti, komanso zibwera zotani.

Yambani kumapeto pobwerera m'mbuyo

Musanagule njinga olo imodzi, pitani mu shopu pa boma kapena pa Kamwendo mukafunse mtengo wa yatsopano ya mtundu omwewo. Umenewo nde denga lanu. Munthu sangagule yokonzedwa pa mtengo woyandikira yatsopano, olo mutaipenta bwanji, amangoti bola ndiwonjezere pang'ono ndikatenge ya mu pepala. Ine ndimaona kuti ukadutsa magawo awiri mwa atatu a mtengo wa yatsopano anthu amayamba kungoigwiragwira nkumapita.

Manambala awa ndi achitsanzo chabe, inu muikepo a lero kwanuko. Tiyerekeze yatsopano ili K300,000, nde yanu muigulitsa K190,000. Tsopano chotsani: sipeya K70,000, apa ndikunena matayala awiri, machubu, tcheni, friwilo, marabala a mabuleki, timabolo ndi girisi. Penti ndi kuwotcherera K15,000. Ntchito K20,000, ndipo iyi muiwerenge olo mukukonza nokha, masiku amenewo mukanakhala mukumata machubu nkumalandira ndalama. Thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika K8,000. Kenako K7,000 yoika pambali ya zobwerera, chifukwa pa njinga zingapo ina idzabwera ndithu kuti habu ikulira. Zonse pamodzi K120,000. Phindu mukufuna K30,000. Yatsala K40,000, nde mtengo umene simuyenera kudutsa pogula njinga yakufa.

Koma dikirani kaye, apa mpamene ambiri amagwera. K40,000 imeneyo ndi ya njinga imene idzadzukedi. Mukagula 10 sizidzuka zonse, zina mudzapeza mng'alu mutapala penti, zina ulusi wa pa kilanki unadyeka, ina paipi ya chishalo inamatirira sikutuluka olo muimenye bwanji. Tinene kuti zadzuka 7. Nde 7 kuchulukitsa ndi K40,000 ndi K280,000, ndalama imeneyi ndi yogulira zonse 10, kutanthauza K28,000 imodzi. Zitatu zakanika zija sizopanda ntchito, muchotsako mahandulo, kaliyala, foloko, madigadi, tinene za K10,000 pa iliyonse, nde mtengo ukukwera kufika K31,000. Mwaona kusiyana kwake? Wogula pa K40,000 akuganiza kuti ali bho koma pa 10 zija wataya K90,000, phindu la njinga zitatu lapita asanagwire nkomwe sipanala.

Nambala ya 7 pa 10 ija musatengere kwa ine, yanu mudzaidziwa ndi kope. Felemu iliyonse ikamalowa imangeni kachingwe kokhala ndi nambala, m'kope lembani tsiku, mtengo, munagula kwa ndani, kenako sipeya aliyense amene mwaikako, ndi tsiku loigulitsa. Pakatha nyengo imodzi kope lija lidzakuuzani zambiri, mwachitsanzo mudzapeza kuti za anthu onyamula makala ndi nkhuni zambiri zimakanika pomwe za aphunzitsi opuma ntchito ndi azibusa pafupifupi zonse zimadzuka, nde mtengo sungakhale umodzi.

Malonda ndi m'maso

Chimene mukugula kwenikweni ndi felemu, zina zonse ndi banyira. Matayala akhale ophwa, tcheni chikhale cha dzimbiri, zimenezo zisakuopseni, mpamene pali mwayi wonenerera. Yang'anani pakhosi pamene mapaipi awiri amakumana ndi paipi ya foloko, penti akachita makwinya kapena chitsulo chikatupa kunsi kwake ndekuti inagunda chinthu chakutsogolo, imeneyo siidzayendanso mowongoka. Yang'anani pansi pa kilanki, ndi timapaipi tiwiri topita ku tayala la kumbuyo, gogodani ndi sipanala, dzimbiri likadya m'kati kamvekedwe kamasintha ndipo pena mumamva tizinyalala tikuyenda m'paipi mukaipendeketsa. Pamene anawotchererapo kale muonetsetse bwino, kuwotcherera kwa pa kaliyala palibe vuto, koma kwa pakhosi ine sinditenga ngati yodzutsa, munthu adzakwezapo thumba la chimanga ndi mwana pa mtsetse.

Yendani ndi kachingwe m'thumba. Mangani pamene pamalowa ekiselo ya kumbuyo mbali imodzi, zungulitsani pakhosi, bwererani nacho mbali inayo, kenako onani mpata pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo uku ndi uku. Ukasiyana kwambiri felemu ndi yopindika. Masulani nati ya chishalo muone ngati paipi ikuyenda. Zonsezi mphindi zochepa chabe, ndipo mwiniwake akaona mukuchita zimenezi mtengo amayamba kutsitsa yekha kkk.

Mukafika nazo kunyumba zigaweni patatu tsiku lomwelo, osadikira. Zoyamba ndi zija zongofuna matayala, girisi ndi kutsuka. Zachiwiri zofuna kuphwasula zonse ndi kupenta. Zachitatu zongochotsako sipeya. Zachitatuzi ziphwasuleni sabata yomweyo, zabwino mutsuke ndi palafini, mupake oyilo wakutha nkuika m'zitini kapena m'matumba mosiyanitsa, zotsalazo zidikire anyamata ogula zitsulo pa kilo. Mukaisiya yathunthu mumayamba kuimvera chisoni, tsiku lina mudzathirapo K70,000 ya sipeya pa felemu yosayenera.

Ndipo poyamba khalani pa mtundu umodzi, zakuda zija za saizi 28, ma Humber, Hero, Phoenix ndi zofanana nazo, chifukwa sipeya wake amalowana ndipo amapezeka pa msika uliwonse, ku Mkanda, ku Kapiri, ku Waliranji konse. Za magiya za pa kaunjika zimakopa maso koma iliyonse ili ndi zake, matayala 26, tcheni chopyapyala, magiya osiyanasiyana, mungadikire kachitsulo kamodzi mwezi wathunthu njinga ili chipachikire. Buffalo mukaipeza yakufa pa mtengo wabwino musaisiye, felemu yake ndi yolimba ndipo alimi amaifuna.

Kalendala nde imalamula

Anthu amagulitsa njinga nthawi ya mavuto ndipo amagula nthawi ya ndalama, miyezi yake ndi yosiyana. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale munthu akufuna feteleza wobereketsa, aganyu, zofunika za ana kusukulu, ndi ufa umene, apa njinga zakufa zimatuluka zokha mpaka kukupezani pakhomo. Ogula nawo amabwera soya ndi mtedza zikayamba kukwera pa sikelo, ndi ndalama za fodya zikayamba kutuluka, msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, nde kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpamene njinga zimayenda. Ndekuti mugula nthawi ya mvula, mukonza Malichi ndi Epulo, mugulitsa nthawi yokolola. Apa ndinene pang'ono, poti munthu wapanikizika ndi njala musamufinye mpaka kumupatsa ya sopo, mudzi ndi waung'ono, yemweyo ndi abale ake nde makasitomala anu mu Juni. Muuzeni mtengo wanu wa masamu uja, akakana musiyeni mwaulemu, koma osakwera kupitirira. Komanso za pinyolo musaziwerenge ngati katundu wanu, mwiniwake akhoza kubwera ndi ndalama mutapenta kale, nkhani nkukathera kwa amfumu.

Vuto la kalendala imeneyi nlakuti ndalama imagona miyezi isanu. Ikakhala yanu, chabwino. Ikakhala ya ngongole werengani kaye. Tinene mwatenga ku banki mkhonde pa 20 peresenti pamwezi, K31,000 yogulira felemu mu Januwale pofika Juni chiwongola dzanja chokha chakwana K31,000, phindu lija la K30,000 latha, mwagwirira ntchito gulu. Za katapila nde tisanene nkomwe. Ngongole ngati ikufunika itengeni mu Epulo yogulira matayala a njinga zimene zatsala pang'ono kutuluka, yobweza pakatha mwezi umodzi, osati yogulira mafelemu oti akagone kuseri.

Nde mugule zingati?

Pali zinthu zitatu zokuletsani, ndipo mumvere chaching'ono pa zonse. Choyamba msika, ngati mukuona kuti mungagulitse zitatu pa sabata kwa masabata 14 ndekuti njinga 42, ndipo kuti zituluke 42 pa 7 pa 10 paja mufunika zakufa 60. Chachiwiri manja, njinga yophwasula yonse, kuluka mawilo, kuwongola malimu, kudikira penti aume, munthu mmodzi sangatulutse zambiri pa sabata makamaka ngati akupitanso kumunda. Chachitatu mpamba, ndipo kwa oyamba ichi nde chimaluma.

Tiyerekeze muli ndi K600,000. Mtima umati ndigule mafelemu 19 poti ndi otchipa. Mukatero mwatha, mulibe ya tayala olo limodzi. Onani bwino masamu aja, njinga imodzi kuti ituluke ikufuna K93,000 ya cash pa sipeya, penti ndi thiransipoti, katatu mtengo wa felemu. Nde pa K600,000 gulani 6 zokha, K186,000, zidzuka 4, zimenezo zidya K372,000, mwatsala ndi K42,000 ya zadzidzidzi. Zikuoneka zochepa eti? Koma zinayi zikagulitsidwa zibweretsa K760,000 ndipo mutembenuzanso kawiri kapena katatu nyengo isanathe. Yambani ndi zija zoyamba zosavuta, zimatuluka msanga ndi ndalama yochepa, ndalama yake ikadzutse zachiwiri. Ndipo osaphwasula zisanu nthawi imodzi nkumabwereka pedulo kuno kuika uko, mudzakhala ndi njinga zisanu zosatha ndipo palibe yogulitsa. Ziwiri zili pa ntchito, zikatha mutenge zina.

Zosungazo zikhale pansi pa denga, zopachika kapena pa mitengo, osati pa dothi, mvula ya kuno miyezi itatu imasandutsa felemu ya gulu lachiwiri kukhala ya gulu lachitatu. Matayala akale achotseni, madzi amakhala m'kati mwa limu nkumadya mwakachetechete.

Sipeya

Sipeya wa chitsulo ndi wa labala musawagule mofanana. Matcheni, mafriwilo, masipoko, maekiselo, makotapini, timabolo, izi siziwola, mukakhala ndi ndalama yanuyanu gulani msanga chifukwa zonse ndi zochokera kunja ndipo mtengo umatsatira dola. Mukukumbukira kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi katoni ya matcheni anaseka. Pa chifukwa chomwecho poika mtengo wa njinga werengerani mtengo umene mukagulire sipeya mawa, osati umene munagulira miyezi itatu yapita, apo bii mudzagulitsa zonse nkupezeka ndalama yake sikukwana kuodanso. Matayala ndi machubu ndi osiyana, amadya ndalama yambiri ndipo akakhalitsa pa dzuwa kapena pansi pa malata otentha amachita ming'alu, amenewa gulani njinga ikatsala pang'ono kutha.

Kuti musamathe sipeya pakati pa ntchito chitani chonchi. Onani kuti pa sabata mumagwiritsa ntchito angati, ndipo kuchokera tsiku loona kuti akutha mpaka kufika nawo pamatenga nthawi yaitali bwanji. Ngati matcheni ndi 6 pa sabata, kuphatikiza a makasitomala wamba, ndipo ku Lilongwe mumapita pakatha masabata awiri, ndekuti akatsala 12 nthawi yakwana, onjezeranipo 4 a mwina minibasi yavuta kapena shopu ilibe, nde pa 16 odani. Njira yosavuta ndi kuika 16 amenewo m'katoni yapayokha yomata, tsiku lomatula katoniyo nde tsiku looda, sipafunikanso kuwerenga.

Zina musaumire. Timabolo, marabala a mabuleki, machubu ndi makotapini ikani zatsopano nthawi zonse, nzotchipa ndipo nzimene zimabweza njinga. Timabolo ta habu ya kumbuyo ndi ta pa kilanki nthawi zambiri ndi ta 1/4, ta kutsogolo 3/16, musasakanize m'chitini chimodzi. Tcheni chatsopano pa friwilo yakutha chimadumpha, sinthani zonse pamodzi. Koma mahandulo, kilanki, kaliyala, sitandi, madigadi, belu, izi tengani m'matumba a zophwasula zija, ndipo chilichonse chimene mwatenga m'menemo chikutsitsa K70,000 ija. Kwa amene mukuphunzitsa mnyamata, muuziretu kuti pedulo ya kumanzere ulusi wake ndi wobwerera, makilanki ambiri amafera pamenepo.

Kooda, ambiri amapita ku Lilongwe cha ku Malangalanga, ulendo wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma, nde osapitira matcheni atatu, sonkhanani awiri atatu mutume mmodzi. Ena amaolokera ku Chipata kudzera pa Mwami. Kumeneko werengani zonse, mtengo wosinthira kwacha yathu ndi ya ku Zambia tsiku limenelo, thiransipoti, ndi msonkho. Pa boda pali dongosolo la COMESA lopepukitsira amalonda ang'onoang'ono pa katundu wa ndalama zochepa, koma ndi la katundu wopangidwa m'maiko athu konkuno amene ali pa mndandanda wawo, sipeya wa ku China kapena ku India salowamo, a MRA adzafuna yawo. Zodutsa njira zam'tchire zija, akakulandani katundu mpamba wonse wapita tsiku limodzi.

Za njinga zakuba

Apa musachite chibwana. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo okonza njinga nde oyamba kufunsidwa njinga ikasowa m'mudzi. Wogulitsa aliyense aonetse chiphaso cha unzika, lembani dzina, mudzi, mfumu yake ndi nambala ya foni m'kope lija, asaine kapena adinde chala, pakhale mboni. Nambala ya felemu ilembeninso, imapezeka pansi pa kilanki kapena pa paipi ya chishalo, ikakhala yopalidwa ndi fayilo musagule olo atanena K5,000. Munthu wachilendo wobwera madzulo ndi njinga yabwinobwino pa mtengo wa yakufa, muuzeni abwere mawa ndi kalata ya amfumu, sabweranso.

Pogulitsa

Njira yabwino yopezera zakufa osayendayenda m'midzi ndi kusinthitsa. Lembani pa chikwangwani kuti bweretsani yakale muwonjezere ndalama mutenge yokonzeka. Mlimi wabwera ndi yake yakutha, mwaiyeza ndi chingwe chija, mwamuchotsera K31,000 kapena kucheperapo malinga ndi mmene ilili, wapereka yotsalayo pa Airtel Money kapena Mpamba, wapita akupalasa. Inu mwagulitsa ndipo mwapeza katundu wina nthawi yomweyo, mwiniwake mukumudziwa, ndipo yalowa pa nthawi imene muli ndi ndalama ya sipeya, siigona miyezi isanu. Kungoti musachotse mtengo waukulu pofuna kumukopa, masamu ndi omwe aja.

Nenani poyera kuti ndi yokonzedwa, muonetseni zimene mwasintha, ndipo mumuuze kuti mwezi umodzi habu, kilanki kapena mabuleki zikavuta abwere nayo mukonza ulere, kupatula kuphulika kwa tayala. K7,000 ija ndi ya zimenezi. Chimenechi nchimene chimakusiyanitsani ndi wongogulitsa njinga pamsika wa njinga mawa osamuonanso. Ganiziraninso wogula wanu ndi ndani masiku ano, akabaza ambiri pa boma ndi pa Kamwendo analowa njinga zamoto, ma Lifo aja, nde amene atsala ndi alimi, onyamula katundu, amayi a geni ndi makolo ogulira mwana woyendera ku CDSS. Onyamula katundu amafuna kaliyala wowotcherera wolimba ndi masipoko okhuthala kumbuyo, amenewa amalipira bwino. Penti wakuda ndi timizere pang'ono basi, osataya ndalama pa zokongoletsa. Ngongole ya ndidzapereka fodya akatuluka, mukafuna kuvomera landirani theka koma njinga ikhale kwa inu mpaka amalize.

Ogasiti akamatha yang'anani zimene zatsala. Yokonzeka imene yakhala masabata asanu ndi limodzi osafunsidwa tsitsani mtengo ichoke, olo phindu litsale K10,000, chifukwa ikalowa Okutobala anthu maganizo onse ali pa mbewu ndi feteleza ndipo mudzaisunga mpaka Meyi matayala akuuma. Zingapo mukhoza kusiyira sabata yotsegulira sukulu mu Seputembala. Mafelemu amene mwakhala mukuwadumpha nyengo yonse posankha yokonza, aphwasuleni, zotsala zipite pa kilo, ndipo ndalama imeneyo pamodzi ndi gawo la phindu muisunge payokha, ndi imene mudzagulire zakufa mu Januwale osapita kwa aliyense kukakongola.